Nsalu Imene A Zuze Anadula

1. WOLEMBA NDI CHIFUKWA CHOLEMBERA

Ine, Gervazio Samisoni Nihaka, wokhala ku Makata m'Ndirande, mlembi wa mphakati wathu, ndalemba mbiri iyi popemphedwa ndi Mayi Lusiya, mwana woyamba wa malemu Bambo Anselimo Zuze Mafambisa, kuti iwerengedwe pa mwambo wovundukula chiliza, popeza chatha chaka chathunthu chitisiyireni malemuwo. Za kubadwa, ubatizo ndi ukwati wawo zinawerengedwa kale pa tsiku la maliro, motero sindizibwereza. Ndaona choyenera kulemba za nkhani imodzi imene ine ndi malemuwo tinasiyana maganizo. Nkhaniyo ikukhudza nsalu ya mphakati ndiponso mawu a akazi awo, Mayi Rozina, amene panthawi ina anasiyiratu kulankhula, ndipo ambiri tinkaopa kuti sitidzawamvanso. Omvera andikhululukire ngati sinditsata ndondomeko ya masiku.

2. ZA KHALIDWE LAWO NDI NTCHITO YA MANJA AWO

Aliyense wodutsa njira yotsikira ku mpopi wa madzi akudziwa kuti a Zuze, monga tinkawatchulira, ankakhala pakhonde dzuwa likangowala bwino, chiguduli chili pamwendo, singano ili m'manja. Ntchito yawo inali yopeta timitanda. Ulusi umodzi umapingasa unzake pa timabowo ta nsalu, ndipo timitanda tikachuluka chithunzi chimatuluka. Nsalu yogula ya ntchitoyi, ya timabowo tolingana bwino, ankati ndi ya anthu olemera a ku Namiwawa. Iwo ankatenga thumba la chiguduli, lija amaikamo mtedza, n'kulichapa katatu, kuliyanika pamthunzi, ndi kulisita lisanaumitsitse. Ulusi wopetera ankausolola ku majuzi akale, ndipo juzi lofiira linkawasangalatsa kuposa ndiwo za nyama.

Akamawerenga timabowo ankawerenga m'Chisena cha kwawo, posi, piri, tatu, ndipo munthu wowapatsa moni panthawiyo ankangoonetsedwa chala kuti adikire. Ndinaona ndi maso anga Abambo mfumu a parishi ataima pabwalo ndi chipewa m'manja kufikira mzere unatha. Munthu akawabweretsera chopeta chake kuti achione, sankayang'ana kumaso kwake ayi. Ankachitembenuza, n'kuyamba kufufuza kuseri. Akapezako mfundo ngakhale imodzi ankachibweza, n'kunena kuti kumaso n'kwa alendo koma mwini ntchito amakhala kuseri. Amayi angapo anachoka pakhonde lija atakwiya, ndipo ena mwa iwo ali pano lero. Koma ndiyenera kuchitira umboni kuti lamulolo sankalipereka kwa ena okha. Akazindikira kuti analumpha kabowo kamodzi Lolemba, ankamasula ntchito yonse ya sabata imeneyo osadandaula.

Amuna osewera bawo pa golosale ankawaseka kuti akugwira ntchito ya amayi. A Zuze ankawayankha kuti kwawo ku Nsanje ukonde amasoka ndi amuna, ndipo ankawonjezera kuti iwonso a bawo amatha tsiku lonse akuwerenga mabowo, kungoti dzuwa likamalowa alibe choti aonetse akazi awo. Mkangano umenewu unatha zaka zambiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinkaukonda.

3. ZA TSIKU LIMENE NSALU INADULIDWA

Pa chikondwerero cha parishi, mphakati uliwonse umapereka mphatso kutsogolo kwa mpingo. Mphakati wathu unagwirizana kuti udzapereke nsalu yoyala pa gome lowerengerapo Mawu, yopetedwa ndi a Zuze. Akhristu anapereka majuzi awo akale kuti ulusi upezeke. Ntchitoyi inatenga zaka zitatu. Chithunzi chake chinali cha wofesa mbewu. Popeza a Zuze sanaonepo tirigu m'munda, anapeta mapira a kwawo, a ngala zofiira, ndipo m'mbali mwa njira anaikamo mpheta zikutola mbewu. Ine monga mlembi ndinali nditalembera kale Abambo mfumu kalata yowadziwitsa za mphatsoyo.

Kutatsala masabata atatu, Lachinayi lina la mwezi wa Julaye chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande, amayi apampando a mphakati anafika kwanga ali wefuwefu. Anati a Zuze apita ndi nsalu ija kwa telala wa pakhonde la golosale, ndipo ali ndi sizasi. Ndinavala jekete n'kupita.

Ndinapeza telala akusoka mizere iwiri yoyandikana pakati penipeni pa nsaluyo. Pambuyo pake ndinadziwa kuti chiguduli chikadulidwa chosayamba chasokedwa chotero chimayoyoka chonse, choncho wodula amayenera kudutsa pakati pa mizere iwiriyo. Panthawiyo sindinafune kudziwa zimenezo. Ndinati:

"A Zuze, nsaluyi si yanu nokha. Inalembedwa m'buku la mphakati, ndipo Abambo akuidikira."

"A Mlembi, tagwirani kumapetoko, ikukwinyika," anatero osakweza mutu.

Ndiyenera kuvomera poyera kuti ndinagwira. Ndili chigwirire ndinawakumbutsa za majuzi a anthu, za kalata yanga, ndi za manyazi amene mphakati wathu udzaone pamaso pa miphakati ina. Anandilola kulankhula mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa kuti nsaluyo tinati ndi ya pati. Ndinayankha kuti ndi ya pa gome lowerengerapo Mawu.

"Nanga wowerenga wathu ali kuti?"

Tonse tinkadziwa kumene Mayi Rozina anali.

"Gome lija lili ndi miyendo inayi, ndipo silinadandaulepo," anatero a Zuze. "Make Lusiya watsala ndi dzanja limodzi."

Atatero analowetsa sizasi pakati pa mizere ija. Wofesa ndi mapira ake anapita mbali ina, mpheta zinapita mbali ina. Amuna a bawo anali atasiya masewero awo, ndipo tsiku limenelo panalibe amene anaseka.

4. ZIMENE ZINACHITIKA LISANAFIKE TSIKU LIMENELO

Pano ndiyenera kubwerera m'mbuyo kuti amene sanali kuno amvetse. A Zuze anabwera ku Limbe pa sitima ali mnyamata, ndipo anapeza ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ina ku Nyambadwe. Mayi wa m'nyumbamo, pochoka m'dziko muno, anawasiyira singano ndi buku la zithunzi za timabokosi zotsanzira popeta. A Zuze sanapondeko m'kalasi, ndipo zilembo sanazidziwe kufikira imfa yawo, koma timabokosi timeneto ankatiwerenga popanda wowaphunzitsa. Zilembo zinali gawo la Mayi Rozina, amene anaphunzira kwa masisitere kwawo. Masana alionse akamaliza ntchito ankakhala mbali ina ya khonde n'kumawerengera amuna awo Baibulo, kapena nyuzipepala imene munabwera matemba. Ndiwo anali owerenga a mphakati wathu kwa zaka zochuluka, ndipo m'tchalitchi mawu awo ankafika ku benchi lomaliza popanda chimkuzamawu. Fanizo la wofesa anawawerengera a Zuze kambirimbiri pamene nsalu ija inkapetedwa. Awiriwa anakangana mwezi wathunthu pa nkhani ya mpheta, pakuti a Zuze ankafuna zitatu ndipo Mayi Rozina ankati mbalame zitatu sizingamalize mbewu za m'njira. Zinapetedwa zisanu ndi ziwiri.

M'mwezi wa Marichi wa chaka chimene nsalu inadulidwa, Mayi Rozina anagwa akuchapa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka dzanja lamanzere litafa, mwendo ukukokedwa, ndipo lilime linali lolemera. Achipatala analangiza kuti aziwerenga mokweza tsiku ndi tsiku kuti lilimelo limasuke, ndipo poyamba ankayesetsa. Tsono mu Meyi tinachita msonkhano wa mphakati kunyumba kwawo pofuna kuwalimbikitsa, ndipo ndine amene ndinawapempha kuti awerenge. Anaika Baibulo pamwendo. Dzanja limodzi silingagwire buku n'kutsegulanso tsamba. Baibulo linatsetsereka n'kugwa pansi, tizithunzi ta oyera ndi makalata akale zinamwazika pasimenti, ndipo amayi awiri anathamangira kukatola akunena kuti pepani, pepani. Mayi Rozina anatembenukira kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso buku, ndipo sanalankhulenso. Akafuna madzi ankaloza. Mayi Lusiya akabwera kuchokera ku Machinjiri ankangogwedezeredwa mutu. Achipatala anachenjeza kuti lilime likakhala nthawi yaitali losagwira ntchito lidzauma. A Zuze anayesa kuwagwirira buku, koma anakankhidwa. Anayesa kuika pilo wa pabedi pamwendo pawo, koma bukulo linkaterera pansalu yosalala, ndipo Mayi Rozina anamugwetsa pansi piloyo ndi dzanja lawo labwino. Zonsezi ine ndinkazidziwa, koma sindinazilumikize ndi nsalu ya mphakati.

5. ZA KASOKEDWE KA MTSAMIRO

Nsalu ija a Zuze anaidulira kuti asoke mtsamiro woikapo buku pamwendo pa Mayi Rozina. Mtsamirowo unawatengera masiku asanu ndi anayi, ndipo anausokera kwa telala kuti akazi awo asauone. Unali wokwera kumbuyo ndi wotsika kutsogolo, kuti buku lizikhala chopendekeka moyang'ana wowerenga. M'munsi anasokerako mpukutu wa m'mphepete mwa bulangete lakale kuti buku lizitsamirapo. Pamwamba anaikapo wofesa ndi mapira ake, pakuti timitanda totukuka timagwira chikuto ndipo buku silitereranso. Anadutsitsa lasitiki mbali zonse ziwiri kuti azipana masamba, kotero kuti dzanja limodzi litha kusolola tsamba kuno n'kulilowetsa uko. Chidutswa cha mpheta anachisandutsa thumba la m'mbali, loikamo magalasi ndi kabuku ka mapemphero.

Pa zoika m'kati analakwitsa. Monga munthu wa ku chigwa kumene amalima thonje, anakhulupirira kuti palibe choposa thonje, ndipo anatumiza uthenga kwa mphwawo kuti awatumizire pa basi. Atayesa ndi Baibulo la mkazi wa telala, bukulo linamira ngati mwala m'matope. Anasolola thonje lonse. Telala ndiye anawalangiza za mankhusu a mpunga a ku chigayo. A Zuze anawapeta ndi lichero, kuwayanika masiku awiri, n'kuwatsendera m'kathumba ka chitenje kam'kati. Mtsamiro unalimba. A Zuze sanavomere msanga kuti nzeruyo inali ya telala, ndipo telalayo akunenabe mpaka lero.

Panabukanso mawu ena. Achemwali a Mayi Rozina, atamva za ntchitoyi, anati kuika chiguduli pamwendo pa munthu wodwala ndi malodza, pakuti m'Malembo chiguduli n'chovala cha olira. A Zuze anangoti thumba limenelo linanyamula mtedza moyo wake wonse, ndipo silinapiteko kumaliro. Amayi apampando nawo anawafunsa chifukwa chimene sanapete kansalu kena, n'kusiya ya mphakati. Anayankha kuti kansalu kena kangatenge miyezi, ndipo lilime silidikira. Anatinso chinthu chachilendo make Lusiya angachikankhe monga anakankhira pilo uja, koma ichi sangachikankhe. Adzakwiya, ndipo munthu wokwiya sakhala chete.

Tsiku limene anapita nawo kunyumba ine ndinawatsatira, osati mwaubwenzi ayi. M'thumba la jekete ndinali ndi kalata yodzudzula, yosainidwa ndi komiti, imene ndinayenera kuwawerengera popeza sakanatha kuiwerenga okha. Tinapeza Mayi Rozina atakhala pampando m'chipinda chochezera. A Zuze anaika mtsamirowo pamwendo pa akazi awo, n'kubwerera pakhomo.

Mayi Rozina anauyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa mapira, n'kufika pamsoko pomwe njira inathera. Anaupendeketsa, n'kupeza mpheta zili m'mbali. Ndinaona milomo ikuyenda. Mawu anatuluka olemera, limodzilimodzi, koma onse tinawamva.

"Mwadula... mbalame zanga."

"Zilipo zonse, make Lusiya. Werengani."

"Zaka zitatu. Munthu wamkulu... wopanda nzeru."

"Takhuta," anatero a Zuze, kuthokoza m'chinenero cha kwawo, ndipo anatuluka panja mofulumira. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyang'ana mpanda, akupukuta magalasi ndi malaya. Kalata ija sindinaitulutse, ndipo komiti sinandifunsenso za iyo.

Sindikufuna kuti omvera aganize kuti zonse zinakonzeka tsiku lomwelo. Mayi Rozina anawakalipira amuna awo masiku atatu asanalole kuti Baibulo liikidwe pamtsamiropo. Atayamba kuwerenga, ndime imodzi inkawatengera nthawi yoti munthu n'kupita ku msika n'kubwerako. Pa chikondwerero cha parishi mphakati wathu unapereka ndowa ziwiri ndi matsache, pamene ena anapereka mipando ndi mbuzi. Ine ndinayenda patsogolo ndi ndowa imodzi, ndipo sindibisa kuti ndinali wokhumudwabe. Koma mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, tinakumananso kunyumba kwawo. Ulendo uno sindinawapemphe kuti awerenge. Mayi Rozina anaitanitsa okha mtsamiro wawo, anatulutsa magalasi m'thumba la mpheta, n'kuwerenga Uthenga wonse wa Lamulungu limenelo. Pamene mawu ena anawakanika, mayi wina anafuna kuwamalizira, koma a Zuze anamuletsa, ndipo tonse tinadikira kufikira mawuwo anatuluka. Atamaliza, amayi apampando anapempha kuona mtsamirowo. Analoza ngala za mapira n'kuuza onse kuti limenelo ndi juzi lawo, ndipo likugwira ntchito kuposa mmene linkagwirira pathupi pawo.

A Zuze sanandipepese, ndipo ine sindinawapepese. Patapita sabata anangondiitana ndikudutsa, n'kundiuza kuti ndilembe m'buku langa lija kuti akufuna majuzi ena, pakuti gome la kutchalitchi likadali lamaliseche. Ndinalemba.

6. ZA IMFA YAWO NDI ZA MALO AMENE ANASIYA

Nsalu yachiwiriyo sanaimalize. Maso anayamba kuchita mdima, makutu nawo anayamba kuvuta, ndipo chaka chatha chifuwa cha m'nyengo yozizira chinawatenga atadwala masiku ochepa. Anamwalira m'mawa, kunyumba, akazi awo ali pambali. Pa maliro Mayi Rozina sananene kanthu, ndipo masabata otsatira anakhalanso chete. Mantha aja anatibwerera tonse. Mayi Lusiya anawatengera ku Machinjiri, kunyumba ya magetsi ndi madzi a m'kati, poganiza kuti kusintha malo kuwathandiza. Patatha mwezi anawauza mwana wawoyo momveka bwino kuti awabweze ku Makata, chifukwa kumeneko kulibe munthu woti azimuwerengera.

Sabata yatha ndinapita kunyumbako kuti nditsimikize mfundo zina za mbiri ino. Ndilemba zimene ndinaona. Mbali ya khonde imene malemu ankakhala palibe amene amakhalapo, ngakhale palibe lamulo loletsa. Kampando kawo kanasowa pa nthawi ya maliro, koma pasimenti pali maenje anayi ang'onoang'ono pomwe miyendo yake inadya. Pakhoma pali banga lakuda pomwe ankatsamiritsa mutu, ndipo Mayi Lusiya popaka laimu analizungulira. M'ming'alu ya simenti mukadali tizidutswa ta ulusi wofiira ndi wobiriwira timene tsache silifikako.

Mayi Rozina anali mbali yawo ya khonde, mtsamiro uli pamwendo, akuwerenga moyang'ana malo opanda munthuwo. Amawerenga mokweza kwambiri, monga anazolowera pamene makutu a amuna awo anayamba kuvuta, kotero kuti mawu amatsetsereka ndi njira mpaka ku mpopi. Amayi otunga madzi anandiuza kuti nthawi imeneyo ikakwana amatsitsa nkhani zawo. Ndinaodira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundiuza kuti:

"A Mlembi, imani pomwepo kaye. Bambo ake a Lusiya sankakonda kuti mutu uzisiyidwa pakati."

Ndinavula chipewa n'kuima pabwalo, ndipo anawerenga mpaka kumapeto kwa mutuwo osaphonya liwu.

Zimene ndalemba pamwambapa ndi zimene ndinaona ndi kumva ine mwini.

Ndine wanu mu utumiki wa mphakati,

G. S. Nihaka
Gervazio Samisoni Nihaka, Mlembi

Makata, Ndirande
Lolemba, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu la mwezi wa Ogasiti